Funsani Wam'phiri: Kukwera Sapitwa M'nyengo ya Chiperoni

Chisanu chafika, ndipo makalata ambiri amene mwanditumizira mwezi uno akukamba za ulendo umodzi: kukwera nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje mu Juni kapena Julaye. Ndasankhapo angapo, ena ndawafupikitsa chifukwa cha malo. Ine ndinakulira m'munsi mwa phirili cha ku Likhubula. Ndinayamba ndi kusenza katundu wa alendo ndili mnyamata, kenako n'kumawatsogolera, choncho zambiri zimene ndiyankhe pano ndinazidziwira panjira pomwepo.

FUNSO: Bambo, ndine mphunzitsi komanso ndimayang'anira achinyamata a mpingo wathu. Tagwirizana kuti pa tchuthi cha 6 Julaye tikakwere Sapitwa. Tilipo 16, ambiri ndi a zaka 15 mpaka 19. Ndalama zogonera m'phiri tilibe, ndiye tikufuna tinyamuke ku Limbe m'bandakucha, tikwere, tijambulitse pamwamba n'kubwerera tsiku lomwelo. Anyamatawa ndi ampira, mphamvu ali nazo. Kodi zitheka?
Mphunzitsi, Bangwe

YANKHO: Aphunzitsi, tsiku limodzi sizitheka, ndipo chonde musayese ndi ana a eni.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, ndipo m'Malawi muno mulibe malo ena okwera kuposa pamenepo. Ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya a zankhalango ndiponso kumene maulendo ambiri amayambira, sikufika n'komwe mamita 1,000. Ndiye kuti miyendo ya anawo iyenera kukwera mamita oposa 2,000 n'kutsikanso omwewo. Kuchoka ku Likhubula kukafika kunyumba yogona ya m'phiri ya Chisepo, imene ili pafupi kwambiri ndi Sapitwa, munthu woyenda bwino amatenga maola 6 kapena 7. Kuchoka pa Chisepo kukagwira chipilala cha pansonga ndi maola enanso atatu kapena anayi, ndipo potsika simufulumira ayi, chifukwa matanthwe ake amafuna manja ndi matako omwe. Pali malo ena oti munthu avule chikwama kaye kuti adutse pampata wa miyala chokwawa. Mu Julaye dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko, pofika hafu pasiti 5 lalowa. Inu mukachoka ku Limbe, mudutse msewu wa Midima, mukhote pa Chitakale, mulembetse ku ofesi, muyamba kukwera mwina 8 koloko. Mdima udzakupezani muli pamwala.

Ulendo wa Sapitwa ndi wa masiku atatu: tsiku loyamba kukagona pa Chisepo, lachiwiri kukwera n'kubwerera pomwepo, lachitatu kutsika. Anyamata anu mwina anamva za mpikisano wa onyamula katundu umene umachitika chaka ndi chaka m'nyengo yomweyi, anthu n'kuthamanga phiri m'maola ochepa. Awuzeni kuti othamangawo amadzera ku Chambe ndi Lichenya, madera ena a m'phirimu, pa Sapitwa safikapo, ndiponso ambiri mwa iwo anakulira m'njira zimenezi.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi nyengo imene mwasankha. Mukakwera mamita 1,000 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Pa Chitakale pakakhala madigiri 20 masana, anthu atavula majuzi, pa Sapitwa pamakhala 6 kapena 7, mphepo tisanaiwerengere. Ndadzukapo pa Chisepo m'mawa n'kupeza udzu wonse uli mbuu, ukuphwanyika kuphazi, madzi amene mlonda anatunga dzulo lake m'ndowa atachita kaayezi kopyapyala pamwamba, kofunika kuswa ndi kapu kuti uphike tiyi.

Kuzizira kouma kotere munthu amapirira. Choopsa ndi chiperoni. Imeneyi ndi mphepo yochokera kum'mwera cha kum'mawa, kunyanja yamchere ya India, imene imadutsa mu Mozambique itasenza chinyezi, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Ikagunda phiri la Mulanje imakwera, imazizira, n'kusanduka nkhungu ndi mvula yamawawa. A ku Thyolo ndi Blantyre mumaidziwa bwino: masiku awiri, atatu, nthawi zina sabata yathunthu, zovala zosauma pachingwe. Kungoti ku Bangwe mumalowa m'nyumba n'kutseka chitseko, pamene pa Sapitwa palibe polowa.

Imabweranso mobisalira. Njira yochokera pa Chisepo imakwera mbali yakumpoto, chiperoni n'kumachokera kuseri kwa nsonga, kumene maso anu saona. Mutha kunyamuka kunja kutacha bwino, chigwa chonse cha Phalombe chikuoneka, kenako mtambo ungokhuthukira pamutu panu. Pakangotha mphindi zochepa, mnzanu amene ali chapomwepa simukumuonanso, mukungomva mawu ake. Zizindikiro zofiira zimene anapaka penti pamiyala zimasowa. Thanthwe limene pokwera munayendapo choimirira lanyowa, ndere zake zafufuma, likuterera. Mwana wampira mphamvu ali nazo ndithu, koma pamwala wonyowa sizimuthandiza, ndipo kawirikawiri amphamvuwo ndi amene amathamangira kutsogolo n'kusiyana ndi gulu.

Ngati mtima wanu uli pa Sapitwa basi, sonkhani ndalama za masiku atatu, ndipo ine ndikanakhala inu ndikanasunthira ulendowu ku Seputembala, chisanu chitachepa koma mvula isanayandikire. Anthu 16 gaidi mmodzi sangawakwanitse. Tengani awiri kapena atatu, wina patsogolo wina pambuyo, ndipo woyenda pang'onopang'ono ndi amene aziyenda kumbuyo kwenikweni kwa gaidi wakutsogolo. Nyamukani pa Chisepo kukungoyera. Musananyamuke gwirizanani nthawi yobwerera: ine ndimati ikakwana 11 koloko, kaya chipilala chikuoneka apo, tonse timatembenuka. Pangano limeneli lipangidwe muli m'nyumba mukumwa tiyi, chifukwa pamwamba paja, munthu akaona nsonga yayandikira, samvanso za wina.

Koma za 6 Julaye musaletse. Kwerani njira ya Skyline kupita ku Chambe, maola atatu kapena anayi, mukagone usiku umodzi n'kutsikira njira ya Chapaluka, ana akaone Dziwe la Nkhalamba. Phiri adzakhala alilawa, chisanu adzachimva, ndipo nyumba idzakhala pafupi. Ku ofesi mukafunsenso mmene njira zilili, pakuti namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anagumula malo ambiri m'phirimu.

FUNSO: Malume, ndimaona pa Facebook anthu akukwera mapiri atavala majekete a ndalama zambiri. Ine ndimagwira ntchito mu shopu, sindingakwanitse. Ndili ndi jinzi yolimba, juzi ya thonje yokhala ndi chipewa, ndi nsapato zachikopa zatsopano. Zikwanira?
Mnyamata, Kawale

YANKHO: Mphwanga, zitatu zonse watchulazo uzisiye kunyumba. Koma usadandaule, zimene ukufunika zili pa kaunjika ku msika wa Tsoka konko, ndipo sizikudyera malipiro onse.

Vuto la jinzi ndi juzi yakoyo ndi thonje. Thonje limamwa thukuta ndi mawawa n'kusunga madziwo pakhungu. Ukudziwa chifukwa chake madzi a mumtsuko amazizira ngakhale mu Okutobala: dothi limatulutsa chinyontho kunja, kamphepo kakaomba chinyonthocho chimauma n'kutenga kutentha kwa m'kati. Munthu wovala thonje lonyowa pamphepo ya pa Sapitwa amazizira mwa njira yomweyo, ndipo mphepo ikamakula kutentha kwa thupi kumathawanso msanga. Jinzi ikanyowa imalemera, imakukhula m'ntchafu, ndipo siuma mpaka utsike.

Vala zopyapyala zingapo zosanjikiza m'malo mwa chijasi chimodzi chachikulu. Pakhungu ika jezi ya mpira, ija yoterera ija, chifukwa imauma msanga. Pamwamba pake juzi ya ubweya kapena zofewa zopepuka zija za fleece. Posankha pa kaunjika tembenuza chovala uwerenge kansalu ka m'khosi kapena ka m'mbali: pakalembedwa wool, polyester kapena fleece, tenga, pakalembedwa cotton, bwezera pamulu. Kunja kwenikweni ufunika chotchinga mphepo ndi mvula chokhala ndi chipewa. Renikoti wamba amagwira ntchito. Kuti udziwe ngati jekete ikutchinga mphepo, igunditse pakamwa uuzire mwamphamvu, dzanja lili kuseri. Ukamva mpweya padzanja, chiperoni nayonso idutsa. Kumiyendo vala buluku la tirakisuti losakhala la thonje.

Chipewa choluka chophimba makutu usachiiwale, ndi magolovesi. Zala ndi zimene zimayamba kufooka, chonsecho pa Sapitwa ndi zimene ukwerere. Ukasowa magolovesi, masokosi aubweya m'manja amathandiza poyenda, ngakhale pogwira mwala uyenera kuwavula.

Nsapato zatsopano zikutulutsa matuza usanafike n'komwe pakati pa njira, ndipo zachikopa zambiri za m'tauni n'zosalala kunsi. Tenga nsapato zamasewera zimene phazi lako linazolowera kale, bola kunsi kwake kukhale ndi mano ndipo labala wake agwire mwala. Masokosi atenge atatuatatu.

Kavalidwe kake nakonso n'kofunika kudziwa. Poyamba kukwera chitunda vula juzi, uyambe ukumva kazizizi, kuti usanyowetse zovala ndi thukuta. Ukangoima kupuma, vala nthawi yomweyo usanayambe kunjenjemera. Ndipo m'chikwama muzikhala zovala zina zouma zomangidwa m'jumbo ziwiri, zimene suzigwira mpaka madzulo kunyumba yogona kapena zinthu zikavuta. Nyumba za m'phiri n'zamatabwa, zili ndi poyatsa moto, koma chofunda ubwere nacho wekha. Bulangete limodzi lopyapyala pa Chisepo mu Julaye sugona nalo tulo. Uwonjezere tochi, makamaka yovala kumutu kuti manja akhale omasuka, wezulo, ndi chipepala chachikulu cha pulasitiki choti munthu n'kudzikulunga nacho.

FUNSO: Achimwene, ife tikamachezera pamaliro usiku wozizira timamwako pang'ono kuti thupi litenthe. Mnzathu wati titenge kabotolo ka burande kuphiri, tikamwe pansonga. Wina akukana. Akunena zoona ndani?
Owerenga, Luchenza

YANKHO: Achimwene, wokanayo ndiye akunena zoona. Mowa umatsegula timitsempha ta pakhungu, magazi ofunda n'kuthamangira kunja. N'chifukwa chake nkhope imamva kutentha. Koma kutentha kumeneko kwachoka m'kati, kumtima ndi kumapapo, kwapita pakhungu pamene mphepo ikukutenga. Mowa umachepetsanso kunjenjemera, kumene ndi njira ya thupi yodzitenthetsera, ndipo umasokoneza phazi pamalo pamene kuterereka kamodzi n'kokwanira. Pamaliro pamakhala chikuni cha moto ndi anthu ambiri, n'chifukwa chake mumapulumuka.

Poti mwafunsa zimenezi, ndiloleni ndikambe za matenda enieni a chisanu, amene achipatala amati hypothermia. Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37. Likatsika kupitirira 35, zinthu zimayamba kusokonekera, ndipo mwiniwake sazindikira. Amene angaone ndi anzake.

Tsiku lina tikutsika ku Sapitwa m'mawawa, ndinaona kuti mnyamata amene ankalongolola njira yonse wakhala chete. Anapunthwa pamalo osapunthwitsa. Nditamufunsa anati ali bwinobwino, koma mawu ake ankatuluka ngati lilime lalemera. Ndinamuuza kuti atseke zipi ya jekete. Anagwira kachitsulo kaja kangapo konse, zala zikungotsetsereka, akuyang'ana zipiyo modabwa. Pamenepo sitinapitirire. Tinamulowetsa kuseri kwa mwala, tinamukhazika pazikwama kuti asakhudze pansi, tinamuvula zonyowa n'kumuveka zouma ndi chipewa, anzake awiri anamukumbatira uku ndi uku, chipepala cha pulasitiki pamwamba pa onse. Anamwa tiyi wa shuga wambiri wa mu fulasiki, anadya mtedza ndi nthochi. Atayambanso kuyankhula zomveka ndi pamene tinanyamuka, ali pakati pathu.

Zizindikiro zake ndi zimenezo: kunjenjemera kosaleka, kupunthwapunthwa, kuyankhula mokoka, zala kulephera tintchito ting'onoting'ono, kukwiya kapena kungoti zii. Muuzeni agunditse chala chachikulu ndi chaching'ono cha dzanja lomwelo, akalephera, imani. Choopsa kwambiri ndi pamene munthu wasiya kunjenjemera chonsecho akadali wozizira, akufuna kugona, kapena akuvula zovala n'kumati watenthedwa. Ameneyo moyo wake uli pachiswe. Musamutikite manja ndi miyendo, musamuyandikize kumoto mwadzidzidzi, fundirani chifuwa, khosi ndi mutu poyamba, mumunyamule mosamala, ndipo musamumwetse kanthu ngati sakutha kumeza bwino. Okaitana thandizo apite awiri, wina atsale naye. Kumbukirani kuti kumtunda kuja galimoto sifika. Wodwala amatsika pamapewa a anthu, ndipo zimatenga maola ambiri.

Burandeyo akadikire ku Luchenza. M'malo mwake m'chikwamamo mulowe fulasiki.

FUNSO: Bambo, mwana wanga wamkazi amene ali ku koleji akuti akupita ku Sapitwa ndi anzake mwezi uno. Agogo ake akulira, akuti kumeneko kuli mizimu ndipo anthu amasowa osapezekanso. Ine tulo sindikuona. Ndimuletse?
Mayi wodandaula, Area 25

YANKHO: Mayi, agogowo musawatsutse, chifukwa sakunama kuti kumeneko kunasowa anthu. Ifenso tinakula tikuuzidwa kuti phirili lili ndi eni ake. Akuluakulu ankatiuza kuti ukapeza chakudya chokonzakonza m'phiri udye wekha mwakachetechete, osaitana mnzako. Amang'anja, Alhomwe ndi Ayao ozungulira phirili akhala akulilemekeza kuyambira kale ngati malo a makolo, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha chikhalidwe chimenechi. Ine mpaka lero ndikafika kumtunda kuja ndimatsitsa mawu, ndipo alendo anga ndimawapempha kuti asamakuwe mwachibwana kapena kutayapo zinyalala.

Nkhani ziwiri zimene agogo ayenera kuti anamva pa wailesi ndi izi. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands, amene ankagwira ntchito ku Mulanje konkuno, analowera ku Sapitwa ndipo sanapezeke mpaka lero. Mu Julaye 2009 mnyamata wa ku Brazil anasowanso, thupi lake n'kupezeka patapita pafupifupi milungu itatu, ndipo zinadziwika kuti anafa ndi chisanu. Inali nyengo ya chiperoni yomweyi. Anthu amafotokoza imfa zimenezi mosiyanasiyana, ndipo ine sindilimbana ndi chikhulupiriro cha munthu. Chimene ndikufuna muone n'chakuti onse awiri, pa nthawi imene ankasowa, anali okhaokha, opanda gaidi, opanda mnzawo. Chaka chilichonse anthu ambirimbiri amakwera Sapitwa, atsikana a msinkhu wa mwana wanuyo ali momwemo, n'kubwerera kwawo bwinobwino.

Ndiye m'malo momuletsa, mukhazikeni pansi mumufunse. Gaidi wawo amutenga ku ofesi ya Likhubula kapena angokumana naye pamsewu? Agona masiku angati, ndipo nyumba ziti? Chikwama chake achitsegule muone ngati muli renikoti, juzi yosakhala ya thonje, chipewa, tochi ndi zovala zina m'jumbo. Amvera zanyengo kuchokera ku nthambi yoona zanyengo asananyamuke? Ndipo funso lalikulu: gaidi akati tibwerere nsonga isanafike, iye avomera? Akuuzeninso tsiku ndi ola limene akuyembekezeka kutsika, ndipo mukhale ndi nambala ya munthu wa ku Likhubula woti mumuimbire akachedwa. Akakhala chete masiku awiri musadzidzimuke, netiweki m'phiri imagwira malo ena okha.

Akayankha zonsezi momveka, mulekeni apite, mayi. Koma akati akafunsa konko, kapena akati anzake akudziwa, pamenepo limbani mtima mumuuze kuti adikire Seputembala. Agogo nawonso apatseni mpata amulangize ndi kumupempherera monga mwa mwambo wanu. Mwana wopita kuphiri atalangizidwa ndi agogo ake amayenda mosamala.

FUNSO: Foni yanga ili ndi mapu a GPS osafuna intaneti. Gaidi ndi wa chiyaninso? Si kungotaya ndalama?
Wophunzira, Zomba

YANKHO: Mphwanga, safunsa anadya phula. Foni ikuuza pamene uli, koma siikuuza kuti mwala uwu udutse kumanzere chifukwa kumanja kuli phompho lobisika ndi tchire, kapena kuti mtambo ukutuluka apowo ndi wongodutsa kapena ndi chiperoni yeniyeni. Pakati pa miyala ikuluikulu kadontho kako ka pamapu kamatha kuphonya ndi mamita angapo, ndipo pa Sapitwa mamita angapo ndi ambiri. Batire nayo ikazizidwa imatha msanga, ndipo zala zouma ndi chisanu pagalasi lonyowa sizilemba kanthu. Foniyo itenge, uisunge m'thumba la m'kati pafupi ndi thupi, koma gaidi umutengenso. Ukathyoka mwendo foni siingakubereke.

FUNSO: Bambo, ndili ndi mphumu ndipo amuna anga amamwa mankhwala a BP. Tingakwere?
Mayi, Namiwawa

YANKHO: Mayi, yambani mwaonana ndi dokotala wanu, mumuuze kuti mukakwera mamita 3,000 m'nyengo yozizira. Mpweya wozizira umadzutsa mphumu mwa anthu ambiri, choncho kampope kanu kazikhala m'thumba la jekete, osati pansi pa chikwama chimene wanyamula wina, ndipo muzipumira m'sikafu yokulunga pakamwa ndi mphuno. Utsi wa moto m'nyumba zogona nawonso umatsamwitsa, mugone kutali ndi poyatsa moto. Kupitirira mamita 2,500 mpweya umapepuka, ena amamva mutu, nseru ndi befu. Zikayamba musakwerenso, tsikani. Bambowo asadumphitse mankhwala. Ine ndikanakonda muyambe ndi Chambe kapena Lichenya, muone mmene matupi anu akuchitira, Sapitwa adzabwere ulendo wina.

FUNSO: Kamba wabwino wa ulendowu ndi wotani? M'phirimo muli pogula?
Owerenga, Mchinji

YANKHO: Musadalire zogula kumtunda, zonse mugulire pa Chitakale kapena kwanu. Madzulo kunyumba yogona phikani chakudya chenicheni: nsima kapena mpunga, usipa, nyemba zophikaphika kapena masoya. M'mawa phala lothira chiponde ndi shuga. Tsiku la Sapitwa simuphika panjira, ndiye m'matumba mukhale mtedza wokazinga, mbatata yootcha, chigumu, nthochi, mazira owiritsa. Idyani pang'onopang'ono ola lililonse ngakhale njala musaimve, chifukwa thupi likamalimbana ndi chisanu limatha chakudya msanga, ndipo munthu wanjala ndi amene amayamba kuzizidwa. Ludzu nalonso silimveka kukazizira, koma imwani. Tungani malita awiri pamtsinje wa pa Chisepo, popeza kumtunda m'chilimwe madzi ndi osadalirika.

FUNSO: Bambo, kuntchito kwathu tikukonza ulendo wa anthu asanu ndi mmodzi ndipo titenga onyamula katundu. Kodi chakudya ndi zofunda zawo ndi udindo wathu? Ena akuti tikawalipira basi zatha.
Mayi, Mandala

YANKHO: Zikomo mayi pofunsa zimenezi, chifukwa ambiri safunsa, ndipo ine ntchito imeneyi ndinaigwira. Ndikukumbukira kugona pakhonde ndi malaya amodzi, nditapinda miyendo m'thumba la ufa, alendo ali m'kati pamoto. Chisanu sichisankha kuti uyu ndi mlendo, uyu ndi wantchito.

Mtengo ndi za chakudya mugwirizane musananyamuke, pa ofesi pomwepo pali anthu, ndipo mutenge amene ofesi yakupatsani chifukwa anyamatawa amagwira ntchito mosinthana kuti aliyense apezeko kanthu. Ambiri amabwera ndi ufa wawo, koma ndiwo, tiyi ndi shuga mukawerengera ndi iwo omwe simusauka nazo. Musanayambe kukwera yang'anani kumapazi kwawo ndi kumsana. Mukaona wina wavala patapata ndi malaya okha mu Julaye, mubwerekeni juzi, ndipo n'chifukwa chake ndimapempha magulu ochokera m'tauni kuti aziponyamo majuzi awiri atatu apadera ndi zipewa. Chikwama chimene inu simungathe kuchinyamula n'kuchiika pamsana nokha n'cholemera kwa iyenso, gawani pawiri mulembe munthu wina. Ndipo musatume mnyamata yekha kubwerera m'nkhungu kukatenga chinthu chimene mwaiwala.

Gaidi akanena kuti lero sitikwera, musamuopseze kuti mumudula ndalama. Ndaona anyamata akupitiriza ulendo m'chiperoni mitima ikukana, chifukwa choopa kubwerera kunyumba chimanjamanja. Muuzeni kuyambira pa Likhubula kuti malipiro ake ndi omwewo kaya mwafika pansonga kaya ayi.

Mlonda wa panyumba yogona, amene amakutungirani madzi ndi kuyatsa moto, mumusiyire kangachepe ponyamuka. Nkhuni gwiritsani zimene wakupatsani, ndipo musapemphe za mkungudza ngakhale fungo lake n'lokoma. Mtengo umenewu ndi wa fuko lathu kuyambira 1984, mwachilengedwe umamera pa Mulanje pokha, ndipo macheka ndi moto wolusa zinautha pafupifupi wonse. Timitengo timene mudzaone m'mbali mwa njira ndi tobzala, ta ntchito ya a zankhalango ndi bungwe loteteza phirili la Mulanje Mountain Conservation Trust, ndiye musapondepo. Ngati wina wa inu akuganiza zotenga mbaula, asailowetse m'chipinda chotseka usiku, utsi wa makala umapha anthu ali m'tulo.

Amene munafunsa za ku Nyika ndi ku Zomba, makalata anu ndasunga, ndidzayankha mwezi wamawa.